Kuphunzitsa ana kusoka ndi kuluka: katoni, chiguduli, felt kapena makina?

Mwana akaona wamkulu akusoka amafuna naye agwireko singano, ndipo nthawi zambiri amapatsidwa zimene zili pafupi: kachidutswa ka nsalu yopyapyala, singano yakuthwa ya diso laling'ono ndi ulusi wa pamakina. Zitatu zonsezi ndi zovuta ngakhale kwa wamkulu amene sanazolowere. Nsalu imapindika m'manja, ulusi umasololoka m'singano kapena kukolana, kenako chala chabayidwa, mwana wataya zonse akuti kusoka sangakwanitse. Chalakwika pamenepo ndi zipangizo.

Posankha ntchito yamanja ya mwana, funsani zinthu zitatu. Kodi chimene akusokacho chikuima chokha osapindika? Kodi akuona pamene singano iyenera kulowa? Kodi amaliza asanatope? Zaka zimene tatchula m'munsimu ndi zongoyerekeza. Chizindikiro chodalirika ndi manja ake: mwana amene amamanga yekha mabatani a malaya ndiponso amadula pepala ndi sizasi motsata mzere ndi wokonzeka kugwira singano, kaya ali ndi zaka 5 kapena 7.

Katoni yobowola, kuyambira zaka 3

Apa palibe singano. Dulani katoni yolimba ya masentimita 12 mbali zonse, kapena muidule ngati nyenyezi kapena galimoto. Bowolani mabowo 12 kapena 13 kuzungulira, otalikirana masentimita 3, ndipo bowo lililonse likhale sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Likayandikira kwambiri m'mphepete limang'ambika mwana akangokoka. Katoni ikakhala yopyapyala, matani ziwiri pamodzi. Chosokera chake ndi chingwe cha nsapato, kapena ulusi wa wulu wa masentimita 60 umene mwaukulunga tepi kunsonga kuti uume ngati kamtengo. Nsonga inayo muimangirire pabowo loyamba.

Pafupifupi mwana aliyense amalakwitsa chimodzimodzi: chingwe chatulukira kumbuyo, iye n'kuchizungulitsa m'mphepete n'kuchilowetsera kutsogolo, chifukwa sakukumbukira kumene chinatulukira. Pakani mtundu wina kumbuyo kwa katoniyo, mwachitsanzo wofiira, ndipo mumuuze lamulo limodzi lokha: chikatulukira kofiira chilowerenso kofiira. Zimenezi zimathandiza kuposa kumugwira dzanja.

Ubwino wa katoni ndi woti siivulaza ndipo imasololedwa n'kuyambiranso kangapo. Koma siiphunzitsa kakokedwe ka ulusi, popeza katoni siikwinyika, komanso pamapeto palibe chinthu choti mwana agwiritse ntchito. Mwana wa zaka 5 imamutopetsa msanga, choncho akangozolowera kulowa ndi kutuluka, mupitirize naye kwina.

Chiguduli ndi nsalu za mabowo, zaka 5 mpaka 7

Chiguduli chili ndi mabowo ooneka, ndiye singano yobuntha imadutsa popanda kukakamiza. Gwiritsani singano ya pulasitiki kapena ya chitsulo yotchedwa tapestry, nambala 18. Pa singano zimenezi nambala ikamakula singano imachepa, kotero 24 ndi yaing'ono kwambiri kwa woyamba kumene. Dulani chiguduli cha masentimita 20 mbali zonse ndipo mumate tepi m'mphepete monse musanamupatse mwana, apo ayi ulusi wake uyamba kuyoyoka mpaka chidutswa chonse chitha. Jambulanipo chithunzi cha mizere ikuluikulu, monga dzuwa kapena chilembo choyamba cha dzina lake.

Apa ndi pamene mwana amakumana koyamba ndi vuto la kukoka mopitirira. Ulusi ukathina, chiguduli chimakwinyika n'kukhala ngati kathumba. Mankhwala ake ndi mkombero wopanira nsalu wa masentimita 15: nsalu imakungika, dzanja limodzi limagwira mkombero, linalo singano, ndipo mwana amatha kutembenuza n'kuona kumbuyo. Mwa zipangizo zonse zogula zimene tatchula m'nkhaniyi, mkombero ndiwo umasintha kwambiri ntchito ya mwana woyamba.

Chiguduli chimatulutsa fumbi ndipo chimayabwa ana ena. Chimene munasungiramo feteleza kapena mankhwala musachipereke kwa mwana ngakhale mutachichapa. Thumba lolukidwa ndi pulasitiki nalo siliyenera, chifukwa timizere take timatsetsereka ndipo msoko sukhazikika. Pali nsalu yotchedwa Binca, ya mabowo 6 pa masentimita awiri ndi theka alionse, imene ili yosalala ndipo mabowo ake ndi ofanana. Imeneyi ndi yabwino kwa mwana amene akufuna kuwerenga mabowo n'kupanga timitanda. Palinso kanivasi wa pulasitiki, woumiratu moti safuna mkombero, koma m'mphepete mwake mukadula mumatsala timinga tokanda toyenera kusadzula bwino.

Felt: pamene kusoka kwenikweni kumayambira

Kwa mwana wa zaka 6 kupita m'tsogolo, felt ndiye timaika patsogolo pa zonse. Nsalu wamba ndi ulusi wolukana, ndiye ukaidula ulusiwo umamasuka, n'chifukwa chake imafuna mpendero komanso kusokera kunsi n'kutembenuza. Felt ndi ubweya wopanikizidwa pamodzi, alibe ulusi woti umasuke. Mwana amadula, amasokera kunja komwe akuona, ndipo chimene wasoka chimakhala chomwecho.

Felt ali m'mitundu. Wa akiriliki kapena poliyesitala wa milimita imodzi amapezeka mosavuta, koma amatanuka ndi kung'ambika msoko ukayandikira m'mphepete, ndiponso amasungunuka ndi ayironi yotentha. Wosakaniza ndi ubweya wa nkhosa, wa milimita imodzi ndi theka kapena ziwiri, amagwira msoko bwino, koma amafupika mukamuchapa m'madzi otentha. Muyezeni pomuyang'anitsa kowala: ngati kuwala kukudutsa mwa apo ndi apo, ndi wosalimba ndipo ayenera kuphatikizidwa awiri. Juzi yakale ya fleece ingalowe m'malo mwake poti nayo siyoyoka, ngakhale imatanuka. Nsalu ya sikipa imapindika m'mphepete ikadulidwa, ndiye isiyeni.

Pa singano makolo ambiri amasankha molakwika chifukwa cha mantha. Singano yobuntha siibowola felt. Mwana amaikankha ndi mphamvu, imaterereka, n'kumupweteka kuposa mmene yakuthwa ikanachitira. Tengani singano ya chenille nambala 20 kapena 22, yomwe ili ndi nsonga yakuthwa koma diso lalikulu. Ngati mukuona kuti yakuthwa sanafikepo, bowoleranitu mabowo ndi kamsomali pa thabwa, iye adutsemo ndi yobuntha.

Ulusi wa pamakina ndi woonda kwambiri pa ntchito imeneyi, suoneka bwino, ndipo umadula felt ukakokedwa. Ulusi wopetera maluwa umabwera wa timaulusi 6 topotedwa pamodzi, patulani titatu. Utali wosokera usapitirire masentimita 40, chifukwa ukatalika kuposa mkono wa mwana amalephera kuukoka kamodzi ndipo umamanga mfundo pakati. Njira yothetsera kusololoka ndi kudula masentimita 80, kuutunga m'singano, n'kumanga nsonga ziwiri zonse mfundo imodzi. Singano singachokenso. Kuipa kwake n'koti akalakwitsa simungasolole singano n'kubweza msoko, mumayenera kudula. Kwa woyamba, kudula kamodzikamodzi n'kwabwino kusiyana ndi kutunga singano mphindi iliyonse.

Ntchito yoyamba ikhale kachidole kozungulira kapena kamtima ka masentimita 12. Dulani zidutswa ziwiri zofanana. Nkhope isokedwe kaye pa chidutswa chakutsogolo zisanalumikizidwe, chifukwa mukatseka simudzapeza pobisa mfundo. Phatikizani ziwirizo ndi mapegi oyanikira zovala m'malo mwa mapini. Ndi cholembera, ikani timadontho mamilimita 6 kuchokera m'mphepete, totalikirana mamilimita 8, kuti mwana aziona pobaya. Asoke kuzungulira n'kusiya mpata wa masentimita 4. Zoikamo, kaya ndi thonje la poliyesitala kapena tizidutswa ta nsalu todulidwa tating'onoting'ono, zilowe pang'onopang'ono, mukuzikankhira m'makona ndi kumbuyo kwa pensulo. Mukalowetsa chibuma chimodzi chachikulu, chidole chimatuluka cha mabampu. Musadzaze mpaka kuuma, chifukwa mpata uja sutsekeka ndipo msoko wa mwana umatseguka. Miyendo, makutu ndi michira yochepera masentimita awiri ndi theka m'lifupi isiyeni kaye. N'zovuta kuisoka ndi kuidzaza.

Misoko ibwere motsatana chonchi. Woyamba ndi wolowa n'kutuluka, womwe anauzolowera pa katoni. Wachiwiri ndi wozungulira m'mphepete, umene singano imalowera mbali imodzi nthawi zonse. Umatseka bwino moti zoikamo sizituluka. Wachitatu ndi wobwerera m'mbuyo, wolimba kuposa yonse, woyenera kathumba konyamuliramo zinthu. Msoko wa bulangete, uja wosiya kamzere m'mphepete, ndi wokongola koma ubwere pomaliza, popeza umafuna kukumbukira kudutsitsa ulusi kunsi kwa singano pa kubaya kulikonse. Mfundo yoyamba ndi yomaliza muzimanga ndinu mpaka mwana atafika zaka 8 kapena kuposa.

Mwana wamanzere musamukhazike pambali panu. Mukhale moyang'anizana kuti azitsanzira dzanja lanu monga pagalasi, ndipo mumupezere sizasi ya amanzere, chifukwa wamba m'dzanja lamanzere imatafuna nsalu m'malo modula.

Kuluka, kwa mwana amene singano siimusangalatsa

Ana ena sakonda kubaya kamodzikamodzi, amafuna kuona chinthu chikukula mwachangu. Kuluka pa zala kumawayenera. Nsonga ya wulu wonenepa ipanidwe ndi chala chachikulu. Ulusi udutse kutsogolo kwa chala cha mkombaphala, kumbuyo kwa chapakati, kutsogolo kwa chotsatira, uzungulire kachala kakang'ono n'kubwerera mosinthanitsa, mpaka chala chilichonse chikhale ndi mizere iwiri. Kenako mzere wapansi unyamulidwe kudumphitsa wapamwamba n'kugwera kumbuyo kwa dzanja. Vuto lake ndi kuthinitsa: zala zimatupa, ndipo mzere wapansi sunyamuka. Muuzeni atambasule zala pozungulitsa. Akafuna kupuma, lowetsani pensulo m'timizere tinayi tija n'kuvula m'zala. Chotuluka ndi chingwe chachitali chabe, koma wamkulu angachizungulize n'kuchisoka kunsi kuti chikhale kamphasa ka patebulo.

Kuluka pa katoni kumatulutsa nsalu yeniyeni. Tengani katoni ya masentimita 15 m'lifupi ndi 20 m'litali, dulani timipata 12 pamwamba ndi 12 pansi, totalikirana sentimita imodzi, takuya sentimita imodzi. Kungani ulusi wa thonje wosatanuka kuchoka pamwamba kufika pansi. Chiwerengero chikhale chogawika pawiri kuti pomaliza mudzadule kumbuyo n'kumanga ulusiwo uwiriuwiri. Mwana adutsitse wulu kapena timizere ta nsalu zakale ta masentimita 2 m'lifupi, pamwamba ndi pansi, kenako atsendere ndi chipeso. Pafupifupi nthawi zonse nsalu yoyamba imaonda pakati chifukwa amakoka pokhota. Musonyezeni kugoneka ulusi mokhota ngati uta asanautsendere, kuti ukhale ndi utali wokwanira kulowa ndi kutuluka. Njira imeneyi imatenga masiku angapo, choncho ndi ya mwana wopirira.

Guluu

Kumata n'kofulumira ndipo kumathandiza mwana wa zaka 3 kapena 4 kukongoletsa chimene mkulu wake wasoka. Kupitirira apo sitikulimbikitsa. Guluu woyera wa PVA amalowerera mu felt, amachedwa kuuma, ndipo amafewa chinthucho chikachapidwa. Guluu wosungunula ndi kamfuti ka magetsi amagwira nthawi yomweyo, koma ngakhale wotchedwa wozizirirapo amafika madigiri pafupifupi 120, ndipo amakakamira pakhungu akuwotcha. Ameneyo agwire wamkulu yekha. Chilichonse chimene chidzakokedwe, kuchapidwa kapena kufika m'manja mwa khanda chisokedwe.

Makina, kuyambira zaka 8

Makina azidole a mabatire ambiri amasoka ndi ulusi umodzi wokha, msoko wonga unyolo umene umasomoka wonse mukakoka nsonga. Amakanirira kawirikawiri, ndipo mwana amaganiza kuti walakwitsa ndi iye. Makina enieni, wamkulu ali pambali, ndi abwino kuposa amenewa.

Pa makina enieni, opukusa ndi dzanja ndiwo ofatsa kwambiri, chifukwa dzanja likaima singano imaimanso. Chovuta n'choti mwana amatsala ndi dzanja limodzi lowongolera nsalu, koma wina akhoza kumupukusira. Opondera ndi mapazi amafuna miyendo yofika pachopondera komanso kuzolowera kayendedwe kake. Gudumu likabwerera m'mbuyo ulusi umaduka kapena kukolana, choncho ayambe wayeserera opanda ulusi. A magetsi amasiya manja onse awiri pa nsalu koma amathamanga. Ngati ali ndi pochepetsera liwiro, ikani pa lotsikitsitsa, ndipo chopondera chikwezedwe pa bokosi kuti phazi lifikepo lonse. Kachitsulo kotchingira zala, komangirira pafupi ndi singano, n'koyenera kuika pa mtundu ulionse umene ukulola.

Ikani singano nambala 80/12, msoko wa mamilimita awiri ndi theka, ndi nsalu ya thonje yosatanuka imene mwaichapa ndi kuisita kale. Tsiku loyamba asoke pa pepala la mizere popanda ulusi, kuti aphunzire kuyamba, kuima ndi kukhota singano ili pansi. Pepala limabunthitsa singano, ndiye musinthe musanapite pa nsalu. Matani tepi pa mbale ya makina sentimita imodzi ndi theka kuchokera pa singano, ndipo mumuuze aziyang'ana m'mphepete mwa nsalu pa tepiyo, osati singano. Asakoke kapena kukankha nsalu: timano tapansi timaiyendetsa tokha, ndipo kukoka kumapinda singano mpaka kuthyoka.

Ulusi ukaunjikana kunsi kwa nsalu, ambiri amathamangira kutsegula bobini, komwe kumakhala ulusi wapansi, pamene kawirikawiri cholakwika chili pamwamba. Mwina ulusi unatungidwa phazi la makina, kachitsulo kopanikiza nsalu pansi pa singano, lili pansi, moti sunalowe pakati pa timbale tothinitsa, kapena waphonya kachitsulo kokwera ndi kutsika, kapenanso mwana wayamba kusoka asanatsitse phazi. Kwezani phazi, solorani ulusi wonse wapamwamba, tunganinso. Poyamba msoko agwire nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo mpaka singano itabaya katatu.

Ntchito yoyamba ikhale ya mizere yowongoka. Chikwama cha mabuku chimafuna nsalu imodzi ya masentimita 30 m'lifupi ndi 70 m'litali. Pindani mbali zazifupi sentimita imodzi, mupindenso masentimita 2, musite, mwana asoke mpenderowo. Kenako pindani nsalu pakati, kumaso kwake kukhale mkati, asoke mbali ziwiri akubwereza m'mbuyo poyamba ndi pomaliza, n'kutembenuza. Zogwirira zisokedwe ndi wamkulu, popeza pamenepo nsalu imakhuthala ndipo mpamene singano zimathyokera. Makina amatulutsa chinthu cholimba msanga, koma mwana amene sanasokepo pamanja amavutika kumvetsa chifukwa chimene msoko wakwinyikira. N'chifukwa chake felt ayenera kutsogola.

Pakhomo pakakhala ana a misinkhu yosiyana

Kupatsa aliyense ntchito yakeyake kumalemetsa wamkulu mmodzi. N'kosavuta kugawana ntchito imodzi. Pa timbendera tokongoletsera chipinda, mwachitsanzo, wa zaka 4 amasankha mitundu n'kumata zokongoletsa, wa zaka 6 amadula felt n'kusokapo zilembo, wa zaka 9 amalumikiza zonse pa riboni ndi makina. Wamng'onoyo mphindi 10 kapena 15 zimamukwanira, wokulirapoyo akhoza kufika theka la ola. Lekezani asanakwiye, ndipo singano muibaye pa kansalu kake, osaisiya pa ntchito yosatha. Werengani singano potulutsa ndi pobweza. Imodzi ikasowa, onse akhale pomwe ali mpaka ipezeke. Maginito aakulu amathandiza kuifufuza pansi, koma timaginito tating'ono tamphamvu tisapezeke m'bokosi la ana, chifukwa tikamezedwa tiwiri timakokana m'matumbo n'kuwabowola.

Ana amakonda kusokera khanda la m'nyumba chidole, ndipo apa malamulo amasintha. Poyeza zidole za ana osakwana zaka 3, opanga zidole amagwiritsa kachubu ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake: kanthu kalikonse kolowamo konse kangathe kutsamwitsa mwana. Kunyumba mungayeze ndi kachubu ka katoni ka mkati mwa pepala la kuchimbudzi, komwe ndi kokulirapo pang'ono. Mabatani, mikanda ndi maso a pulasitiki zonse zimalowamo, choncho maso ndi mphuno zipetedwe ndi ulusi. Maliboni ataliatali, zingwe zokokera pakamwa pa thumba ndi chingwe choluka pa zala chija zisafike pogona khanda, chifukwa zimakulunga khosi. Musanapereke chidolecho, bwerezani msoko wonse wa mwana ndi msoko wobwerera m'mbuyo, kenako kokani mwamphamvu khutu lililonse ndi mwendo ulionse. Muzichita chimodzimodzi nthawi iliyonse chikachapidwa, ndipo thonje likangoyamba kuonekera pamsoko, chichotseni m'manja mwa khanda mpaka mutachisokanso.